Ndani Wandithira Chitedze?

Lolemba, 10 Novembala 2008

Kuno ku Budiriro, lokeshoni yathu. Madzi m'mpopi mulibe, sabata yachisanu. Kuyabwa kwayambira m'khosi, kwatsikira m'mikono. Totupa tofiira, tina tating'ono ngati mapira. Mawondo nawo ayambiranso zawo.

Mapiritsi lero atatu. Amandiwerengera ndi Tionenji, mwana wanga, chifukwa zimene adalemba dokotala pa khadi ine ndimangoona mapazi a nkhuku. Chichewa ndimalemba, ndidaphunzira ku tchalitchi tili ku famu, koma Chingerezi cha dokotala ayi. Tsiku lija ankalankhula mothamanga, Tio akumasulira. Chimene ndidagwira n'chimodzi: puledinisoloni sasiya mwadzidzidzi. Umatsika pang'onopang'ono, ukalumpha thupi limagwa.

Idandiyambitsa mankhwalawa ndi nyamakazi, mu Ogasiti. Mapiritsi otsikirawa adatumiza achimwene a Elliot kumapeto kwa Okutobala kuchokera ku Joni kudzera kwa dalaivala wa basi. Analipo 294, owerengeka ndendende mpaka tsiku lomaliza. Ena kulibe. Chipatala chachikulu zitseko n'zotseka, ku famase fumbi lokhalokha m'mashelefu. Akatha, atha.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndawenga zikhadabo zonse. Ndikukandabe, ndi chipande.

Ndasiya sopo wobiriwira wa mtanda uja. Amene amagulitsa pamsewu masiku ano ndani akudziwa chomwe amathiramo? Kusamba ndi madzi okha, theka la chigubu, kenako Vaselini. Nsalu yonyowa pakhosi imathandiza mphindi khumi. Tomato sindinapite kukagulitsa, zala sizikupinda.

Mwina ndi madzi a pa mjigo. Anthu akufa ndi kolera mumsewu muno, dzulo atuluka awiri. Koma timamwa tonse madzi omwewo, owiritsa, nanga akukanda ndine ndekha bwanji?

Amake Privilege, amene timagawana nawo nyumba ino, chingwe choyanikira ndi chimodzi. Mmawa ndawapeza akusuntha bulauzi yanga. Akuti amafuna malo. Malo analipo. Ndi omwe aja ankandinena pamene mankhwala adanditupitsa masaya: "Ena akunenepa chaka cha njala, akudya chiyani chitseko chotseka?" Sindinaiwale ine. Kwawo ndi ku Mutoko, ndipo adapita mwezi watha. Chitedze sichivuta kunyamula m'kapepala.

Loweruka, 15 Novembala

Awiri. Ndamufunsa Tio ngati sitikuthamanga. "Ndi zomwe zalembedwa, Amayi." Wandisonyeza ndi chala. Ndagwedeza mutu ngati ndaona kanthu.

Mafupa onse akuphwanya, ngakhale a m'mapazi. Kudzuka pa mphasa, chizungulire. Chakudya sichikulowa. Masaya aja aphwa, siketi ikuzungulira yokha m'chiuno.

Ndiye totupa, ndiye kuonda. Mu Budiriro muno anthu akaona ziwirizo dzina la matenda amakhala nalo kale. Pa mzere wa madzi mayi wina anandipatsa malo kutsogolo, mwaulemu wa pamaliro. Zandinyansa.

A Fackson, amuna anga, akuti ndimaganiza kwambiri. Iwo tsiku lonse ali ku Glen View kukhoma masofa amene palibe akugula. Ngati palibe akugula, amachedwa chiyani? Ndinanunkhiza shati yawo: guluu ndi utuchi. Koma utuchi munthu atha kudzithira dala. Ndawauza kuti ngati mwandibweretsera chinthu nenani ndikadali ndi mphamvu zokutukwanani. Anangoti, "Amake Tio, zaka makumi awiri ndi zinayi." Anatuluka osamaliza tiyi. Zandipweteka, koma galu wamkota sakandira pachabe.

Lachiwiri, 18 Novembala

M'nyumba muno amene akuoneka bwino ndi Tio yekha. Masaya adzaza. Mbale yanga ndikaisiya amaipukuta, kenako n'kumayang'ana m'poto. Ziphuphu pachipumi. Kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, dzulo anakalipira chitseko.

Ndili ndi maso ine. Ndinamuitana kuchipinda: ngati ndi mimba ya Munya, mnyamata wofuna kukukwatira uja, nena lero, asanabwere anthu ake. Analira, analumbira, anandionetsa umboni woti kumwezi wapita sabata yatha. Chabwino. Koma bwanji sakundiyang'ana m'maso?

Loweruka kukubwera tete wa Munya, azakhali ake, kudzagwirizana tsiku la roora, malowolo a Chishona. Ife kwathu sitilowola, koma tidabadwira kuno, titani. Ulendo woyamba, mu Okutobala, mayi ameneyu adamuyang'ana Tio kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa m'Chishona chake chotsekemera: "Muroora wathuyu, mpongozi wathu, kuonda chonchi, ali bwinobwino?" Funso limenelo masiku ano tanthauzo lake ndi limodzi. Mwana wanga amene wangoonda ndi njala basi.

Bola tsopano wanenepa. Akhale chete tete.

Lachinayi, 20 Novembala

Limodzi. Kuyambira dzulo.

Ndachita zinthu lero. Zitenje zanga ndinazipeza zakhudzana ndi bulangete la amake Privilege pa chingwe, nditavala chimodzi msana wonse unayaka. Ndinatuluka ndi chipande m'manja. Ndinawatchula dzina, ndinatchula chitedze, ndinatchula ndi ufiti womwe, anthu a pa mzere wa madzi akumva. Iwo sanakweze mawu. Anati, "Amake Tio, mukudwala. Pitani mukaonedwe." Kudekha kumeneko ndi kumene kwandiopsa kwambiri.

Zochapa zanga tsopano ndikuyanika m'chipinda, pa msomali. Tio anandipaka alovera kumsana. Anafunsa ngati zikupweteka kwambiri. Ndinati ndi mfiti ija. Anapukuta manja n'kutuluka.

Loweruka, 22 Novembala

Tete wabwera, wapita. Ndinavala za manja aatali ndi duku lofika m'khosi, kutentha konseku. Kukhala pa mpando maola awiri osakanda, Mulungu yekha ndi amene akudziwa. Ndinkatsina ntchafu yanga pansi pa chitenje.

Tio anagwada ndi madzi osamba m'manja. Tete anamugwira tsaya, anaseka: "Uyu ndiye muroora. Mwamudyetsa chiyani?" Roora pa 20 Disembala. A Fackson mano onse panja.

Ine ndinasangalala, zoona. Koma alendo atangotuluka ndinasanza kuseri kwa nyumba.

Lachitatu, 26 Novembala

Masiku anayi osalemba. Lamulungu ndinagwa pakhomo. Kusanza, kutsegula m'mimba, maso mdima. Aliyense anati kolera. A Fackson anandikweza pa ngolo yokankha ya matabwa mpaka ku matenti a odwala kolera. Akuti amene anathamanga kukabwereka ngoloyo ndi amake Privilege. Kufuna kuoneka abwino, kapena ayi. Sindikudziwanso.

Dripu ziwiri. Lolemba kunabwera Sisita Melina, namwino wopuma pantchito, timapemphera limodzi ku Mvano, tsopano akuthandiza ku matentiko. Anati iyi si kolera. Anafunsa mankhwala amene ndikumwa. Khadi inali m'chikwama.

Anawerenga kawiri. "Mukumwa angati?" Ndinati limodzi. Anavula magalasi. "Apa palembedwa masabata awiri pa sitepe iliyonse. Lero mumayenera kuyamba anayi. Wakutsitsani masiku anayi anayi ndani? Mukadafa."

Ndinati mwina mwana sanawerenge bwino. Mwana wa Fomu 4.

Anandibaya jakisoni amene anali naye mmodzi yekha, mapiritsi alibe. Anati ndibwerere pa anayi, ndi kutsika monga mwa khadi. Akufunika 140. Totupa ndi kuphwanya zizichepa zokha thupi likapezanso mankhwala ake. Chitedze panalibe. Sopo analibe mlandu. A Fackson analibe mlandu.

Kunyumba ndafika masana ano. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ngati ndamwa ochepa ndiye kuti otsala ndi ambiri. Ndakhuthula botolo pa mbale, ndawerenga katatu ndi zala zanga zopindikazi. 79.

Lachinayi, 27 Novembala

Sindinafunikire kukuwa. Ndinangoika mbale ija pakati pa ine ndi Tio, abambo ake atapita ku ntchito.

Ankamwa anayi tsiku lililonse, kuyambira tsiku limene botolo lidafika. Adaona mmene adandinenepetsera ine. Atsikana anzake adamuuza kuti ena amachita kugula kumsika pofuna masaya ndi mbina. Iye sanafunike kugula, anali nawo m'manja. Ataona kuti botolo likutsika mofulumira anayamba kunditsitsa ine, kuti asaonekere. Ankati akandifikitsa pa limodzi ndizolowera.

"Ndimafuna mpaka pa roora basi, Amayi. Akanandikana bwenzi Budiriro yonse ikunena kuti ndili nako."

Ndinamufunsa ngati ankandiona ndikukanda mpaka magazi. Anati ankaona. Ndinamufunsa ngati anamva ndikutcha munthu mfiti pamaso pa anthu. Anati anamva.

Ndakwiya moti m'kamwa mukuwawa. Mwana amene ndidamubereka kumsana kuchoka ku famu ku Banketi? Ayi, nthawi ija anali wamkulu kale, ankayenda yekha, atasenza mapoto. Ndikufuna kumukumbukira ali wamng'ono kuti mtima utsike, sukutsika.

Ndinamukokera kwa Sisita Melina madzulo. Ndimati akamukalipire. Anamukalipiradi, kenako anatembenukira kwa ine. Mwezi wathunthu pa anayi, nayenso sangasiye mwadzidzidzi. Zimene zidandigwetsa ine zimugwetsa iye. Anayi sabata imodzi, atatu, awiri, limodzi. Onse pamodzi 70. Anati afunsafunsa kwa anzake, koma nkhope yake sinalonjeze kanthu.

Foni ya a Elliot sikugwira. Ngakhale igwire, basi ya ku Joni si mawa.

Lachisanu, 28 Novembala

Amake Privilege anabwera ndi phala la mapira m'kapu. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndimafuna kupepesa. Koma ndikati sindinu, afunsa kuti nanga ndani, ndipo zolankhulidwa m'nyumba ino pofika madzulo zimakhala zili pa mjigo, mawa lake kwa tete. Ndinangoti zikomo. Phala ndadya lonse.

A Fackson ndawauza kuti dokotala adalemba mosamveka. Akhulupirira. Kunamiza munthu amene adandikankha pa ngolo makilomita atatu.

Tio wabwera n'kugwada. Akuti ndimwe onse ine, iye apirira, ndi wamng'ono, thupi lake ndi lolimba. Ndamuuza kuti atseke pakamwa. Ndidaona mdima uja ine pakhomo paja, iye sakuudziwa. Ndiye wafunsa, mwamantha, kuti nanga masaya akaphwa pofika pa 20 tete adzati chiyani. Dzanja langa lidanyamuka lokha. Mwayi wake zala sizikupinda.

Sindinamukhululukire. Ndilembe zoona, buku ili ndi langa.

Ndagawa. 70 m'botolo, ake. Anga ndakulunga m'pepala la nyuzi. Asanu ndi anayi. Ndikamamwa limodzi patsiku andifikitsa Loweruka la sabata ya mawa, pa 6. Sisita Melina akamva andipha asanandiphe matenda.

Loyamba ndamwa. Otsala asanu ndi atatu. M'khosi mwayambanso kuyabwa.