Impso Yanga Ikwera Ndege

Nieuw Nickerie, Suriname
2 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Stanley,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli ndi mphamvu ndithu kumeneko ku Rotterdam. Nanga mlamu wanga Gerda ndi ana ali bwanji? Kuno tili bwino. Mpunga wa alamu ako a Rudi wacha, ine ndikugulitsabe chakudya pamsika paja.

Stanley, ndinakunamiza. Pafoni pakamwa pamandilemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Chaka chatha madokotala ako atanena kuti abale ayezetse kuti mwina wina n'kukupatsa impso, ndinakuuza kuti magazi anga amathamanga kwambiri. Linali bodza. Ine sindidwala chilichonse. Ndinkaopa ndege basi. Zaka makumi asanu ndi ziwiri, phazi langa silinachokepo pansi, ndipo sindinkafuna n'komwe kuganiza zokhala m'mwamba pansi pali nyanja yokhayokha. Iwe unangoyankha kuti palibe kanthu achemwali, dzisamalireni. Mawu amenewo andisowetsa mtendere chaka chonse.

Mwezi wa Juni Gerda ananditumizira chithunzi chako uli pamakina otsuka magazi. Ndinachiyang'ana kawiri, poyamba ndinkayesa malemu bambo athu m'masiku awo omaliza. Ndinazimitsa moto, n'kutseka malonda dzuwa lili pamutu.

Mlungu womwewo ndinapita ku Paramaribo kukayezetsa. Magazi athu ndi a gulu limodzi. Zotsala akandiyeza kwanuko, ndipo Gerda wakonza kale mapepala onse. Usamukalipire pokubisira, ndinamuletsa ndine.

Kogulitsa matikiti ndinafunsa mayi wa pamenepo kuti andiuze zoona, kuchokera pabwalo la ndege la Zanderij kukafika pabwalo lakwanuko la Schiphol n'kutali bwanji. Anati makilomita ngati 7,500, maola pafupifupi asanu ndi anayi. Ndinafunsa ngati imaima penapake kuti anthu apumeko. Anaseka mpaka kugwira pamimba, akuti mayi, iima pati, pamsana pa nsomba?

A Rudi nawo sanandisiye. Akuti mkazi amene amatsinzina basi ikamawoloka mlatho wa Coppename akawoloka bwanji nyanja yamchere? Ndinawauza kuti ndikatsinzinanso, maola onse asanu ndi anayi, woyendetsa ndege si ine. Komanso ulendo wa ku Paramaribo, kupita ndi kubwera pa basi yathu yogwedezeka ija, umandidyera maola asanu ndi atatu. Ndalephera kukuona zaka zonsezi chifukwa cha ola limodzi lokha? Kenako a Rudi anakanditsitsira chikwama pamwamba pa kabati.

Ndinyamuka Lachiwiri pa 21, kufika Lachitatu m'mawa. Mantha ndili nawobe, sindibisa. Ndikwera nawo omwewo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndimakudziwa iwe, uyamba zoti achemwali ndinu wamkulu, muli ndi zidzukulu, sungani impso yanu. Usayerekeze. Ndinakubereka kumbuyo uli khanda, usanditsutse lero. Akakapeza kuti zikugwirizana, ukalandire. Bodza lija undikhululukire tikaonana maso ndi maso.

Uza Gerda abwere ndi chijasi chokhuthala pabwalo la ndege, kuzizira kwanuko ndimangomva. Undiperekere moni kwa ana ndi kwa azakhali a Wilma. Mulungu akusunge mpaka ndifike.

Ine chemwali wako,
Marlien