Chigoba cha a Maureen

Lamulungu madzulo

Lero mtima wandiwawa. Titatuluka Misa ku Crumlin, dera la mumzinda uno kudziko la eni, tinamwa tiyi polandira anzathu a m'parishi amene abwera kuchokera ku Spain, komwe anayenda wapansi mpaka kumanda a Yakobo Woyera. Ndinkakonzekera nawo Loweruka lililonse mpaka nsapato kutha, koma tsiku lokwera ndege ndinatsala. Mapepala anga ondilola kukhala kuno sanatulukebe, sindingatuluke m'dziko muno.

A Maureen a kukwaya anavula sokosi kutionetsa matuza. Amvekere, "Esnart, m'mahositelo akumeneko mumagona pa mabedi osanjikiza ndi anthu osawadziwa, wina akuliza mkonono, bafa yolimbirana. Munthu umaphunzira kudzichepetsa. Chaka chamawa musadzaphonye."

Ndinangoseka. Ndikanati chiyani? Hositelo yathu ya opempha chitetezo amaidziwa, anandisiyapo pageti ndi galimoto yawo. Iwo ku Spain akagona usiku umodzi amawadindira chidindo m'kabuku ka ulendo, m'mawa n'kunyamuka. Ine bedi losanjikiza ndi lomweli, mkonono ndi womwewu, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndikudzichepetsa.

A Maureen anandipatsa chigoba cha m'nyanja chimene oyenda ulendowu amamangirira pachikwama. Ndachikoloweka pachitsulo cha bedi. Mayi Phiri a ku Chipata, amene amagona pa bedi la pamwamba panga, anasuzumira n'kufunsa ntchito yake. Ndinati ndi chizindikiro cha munthu amene ali pa ulendo.

"Nanga akafika amachichotsa?"

Mayi Phiri akangotembenuka chigobacho chikumagunda chitsulo, ndipo mawa shifiti yanga kuntchito ndi ya m'mamawa. Kuchichotsa ndikufuna, koma kufika kumene sindinafike...