Mawu ochokera m'mimba

Lachitatu madzulo, ku Chelstone. Kunja kwazizira, koma ine ndikungotuluka thukuta ndi chimwemwe.

Lero kwa Ba Mwansa, amene amandiphunzitsa kuyimba ku Kabwata, ndakwanitsa kukweza mawu m'nyimbo ya paukwati wa mlongo wanga Tisa, pamalo pomwe ndakhala ndikulephera mwezi wonse. Poyamba anandikalipira: "Iwe kondakita, uyimba monga uitana ma pasenja! Leka kufinya pakhosi." Anandigoneka chagada n'kundiika njerwa pamimba kuti ndiziikweza ndi mpweya. Nditadzuka ndinayimbanso, ndipo mawu anakwera okha, osasasa. Ba Mwansa anasiya kiyibodi n'kuwomba m'manja. "Bwelezapo!" Ndinabwereza, anatulukanso bwinobwino.

Masana ndinakayesa pa minibasi. Ndinaitana "Chelstone! Chelstone!" kuchokera m'mimba, mpaka mayi wina kutsidya kwa msewu anatembenuka n'kudzakwera. Adalaivala athu, Ba Phiri, anandiyang'ana modabwa: "Wadya chani lelo?"

Chikundiopsa n'chimodzi. Loweruka ndidzayimba Tisa akundiyang'ana, ndipo mwana uja sachedwa kulira. Akangogwetsa msozi, kaya mpweyawu udzandimvera...