Chikho cha Ulusi Wofiira

Gwammaja, Kano

Okondedwa akulu anga, Yaya Laraba,

Salamu alaikum. Muli bwanji kumeneko ku Maradi? Bondo lija likukulolani kugwada poswali, kapena mukuswalirabe pampando? Amuna anu Alhaji ali bwanji, ndi ana, ndi zidzukulu zanu zosawerengeka zija? Ife kuno tadzuka, tikuthokoza Mulungu. Mphepo ya fumbi yafika msanga chaka chino. Milomo yonse yang'ambika, koma zofukiza zanga zikuuma bwino, ndiye sindikudandaula.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndikudziwa kuti uthenga wa mawu ukafika kwanuko amayamba kuumva ndi mwana amene wagwira foniyo, inu mumamva pomalizira. Izi si za ana. Tsekani chitseko, muvale magalasi.

Ukwati wa mwana wanu uja watsala masabata atatu, koma mkwatibwi sakudya, ndipo wolakwa ndi ine.

Mukumudziwa amene ndikunena. Ndi mwana wanga woyamba, ndipo monga mayi aliyense woleredwa bwino kwathu kuno, dzina lake sindinalitchulepo pa zaka makumi awiri ndi zisanu zonsezi. Ndimangoti "uyo", kapena "wa ku Maradi". Atasiya bere munadzamutenga inu, mwamulera mpaka kumaliza sukulu. Pamaso pa anthu sindinamunyamulepo, sindinamuyamikirepo. Umo ndi mmene Inna, mayi athu, anachitira ndi inu, ndipo ine sindinaganizepo kuti zimapweteka. Mwina ndikanakufunsani.

Tsopano ndiyambire poyamba. Mukawerenga musafuule.

Mukukumbukira pamene amuna anga, Malam Isuhu, anatisiya, zaka zinayi zapitazo. Munakhala nane sabata ziwiri, kenako munabwerera kwanu, ine n'kutsala ndi miyezi inayi ndi masiku khumi obindikira m'nyumba. Osatuluka, osadzola zonunkhira, ine amene ntchito yanga ndi kununkhiritsa akwatibwi a anthu. Odzapepesa ankandiuza za ubwino wa Malam, kuti anali wopemphera, wosakonda phokoso, wolemekeza anansi. Zonsezo zinali zoona. Koma Yaya, palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsa za chimene chinkandipweteka kwenikweni. Ndinkamusowa mwamuna uja ngati mwamuna. Ndinkasowa dzanja lake pamsana panga. Mkazi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zitatu anganene zimenezo kwa yani?

Tsiku lina ndinatenga kope lotsala la ana, ndi cholinga chongolemba nthano za Inna kuti zisatayike. Ndinayamba ndi ya mtsikana uja anakana amuna onse a m'mudzi, n'kukwatiwa ndi mlendo wokongola amene anali nsato. Nditafika paukwati cholembera chinaima, chifukwa Inna ankathera pamenepo: ng'oma, mkwatibwi kulowa m'nyumba, kenako anthu n'kuthamanga kukamupulumutsa. Ndinadzifunsa kuti, kodi anamufunsa ndani mtsikanayo ngati ankafuna kupulumutsidwa? Nthano zonse zimaima pakhomo la chipinda. Ine ndinakankha chitseko n'kulowa.

M'nthano yanga mkwatibwi ndi mkazi wamkulu wodziwa chimene akufuna, ndipo sathawa. Amafunditsa mafuta, n'kuyamba kudzoza mwamuna wake kuchokera pakhosi, pang'onopang'ono, mpaka khungu la njoka kuvuka lokha. Zotsatira zake zinanditengera masamba asanu ndi limodzi. Sindikulemberani pano, mtima wanu ndi wa munthu wamkulu.

Itatha imeneyo ndinalemba ya mkazi wa msodzi ndi mfumu ya pansi pa madzi, kenako ya mkazi uja anatumidwa kukatsuka mbale ku mtsinje wakutali n'kubwerako atavala golide. Kwa ine anachedwa kumtsinjeko pa zifukwa zina.

Pali gulu la pafoni la amayi okwatiwa okhaokha, kumene amagawana nkhani zoterezi. Ndinatumizako imodzi, dzina n'kudzipatsa lakuti Mwini Chikho. Yaya, mukanaona! Wina analemba kuti, "Mwini Chikho, Mulungu akukhululukireni, mpunga wanga wapserera." Wina anati, "Nsato imeneyi ilibe mng'ono wake? Wanga kuno ndi buluzi, amangogwedeza mutu." Ndinaseka koyamba chimwalirireni Malam. Koma panali wina amene anandilembera pandekha. Anati ali m'banja zaka khumi ndi chimodzi, ana anayi, koma sankadziwa kuti mkazi naye amaloledwa kupempha. Anati anamuwerengera mwamuna wake, ndipo kwa nthawi yoyamba anacheza ngati anthu odziwana. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudziona ngati wakuba.

Ndikudziwa kale chimene mukunena muli chigwirire kalatayi: "Talatu, mwana wa Inna, wapenga!" Nenani, ndikuyembekezera. Koma kumbukiraninso mmene ife tinalowera m'mabanja. Malangizo onse amene munandipatsa inu anali akuti ndipirire ndipo ndisalire mokweza. Mwayi wanga unali wakuti Malam anali munthu woleza mtima ndi wanthabwala. Si onse amene amapeza wotero.

Kulakwa kwanga ndi uku. Munthu ukamalemba umatola zimene zili pafupi nawe. Mafuta a m'nthano zanga zonse amafunditsidwira m'chikho chimodzi: chakuda ndi utsi, chong'ambika mbali imodzi, chosokedwa ndi ulusi wofiira mfundo zisanu ndi ziwiri, chojambulidwa nalimata pansi pake. Mwachizindikira kale. Ndi chikho cha Inna, chimene anachisoka okha. Ndipo ndivomere, ndi momwemo ndinkafunditsiramo mafuta a msana wa Malam. Owerenga anachikonda chikho chimenechi kuposa nsato yomwe. Pagulu paja munthu akangolemba kuti "lero ndatsuka chikho", onse amadziwa kuti asamuimbire foni.

Mwezi watha a kwa mwamuna anatumiza munthu wodzaona banja lathu, monga zimakhalira. Anabwera azakhali ake a Auwalu, mkwatiyo, dzina lawo Hajiya Kande. Ndi mayi wamtali, wosaseka, amene amaphunzitsa amayi Kurani kuseri kwa mzikiti wa kwawo. Anafika itangotha swala ya masana. Ndinawayalira mphasa yatsopano, ndinawapatsa madzi a chidede ozizira ndi mtedza wotafuna wa kola. Anafunsa za makolo athu, za ntchito ya unamwino ya mwanayu, za kumene anakulira. Zonse zinkayenda bwino mpaka anakweza maso n'kuona pakhoma.

Anasiya kutafuna. Anandiuza kuti ndiwatsitsire chikhocho. Anachitembenuza, n'kuona nalimata. Kenako anayendetsa chala pa ulusi, milomo ikuwerenga.

Anati, "Zisanu ndi ziwiri."

Ine ndinati, zikho zosokedwa ndi zambiri m'Kano muno, Hajiya.

Iwo anati, "Zoona. Koma za nalimata wopanda mchira ndi chimodzi."

Ndiye zinandifikira m'mutu kuti munthu sangadziwe za mchira wa nalimata ngati sanawerenge mpaka kumapeto kwa nthano yachitatu. Ndinawayang'ana, iwo anandiyang'ana. Anakoka mpango kubisa pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Atapuma anati, "Iwe ndiwe unandichedwetsa swala ya m'mawa, mfiti iwe. Ndipo mfumu ya pansi pa madzi ija unaisiya ili chiimire pakhomo miyezi iwiri tsopano. Ulibe chisoni?"

Tinaseka mpaka misozi. Anandiuza kuti nawonso amuna awo anamwalira, ndi kuti mkazi amene anaikapo mwamuna m'manda amadziwa nthano yolembedwa ndi mnzake. Koma atadzuka kuti azipita nkhope ija inabwerera. Anati kwa iwo nkhani yatha, akauza a kwawo kuti banja lathu ndi labwino. Anati koma m'nyumba imene mwanayu akukalowa muli amayi khumi ndi anayi, ndipo asanu ndi atatu ali pagulu lija. Anati, "Tsiku lokonza chipinda cha mkwatibwi, chikho ichi chikakaikidwa pa mbale zake, dzuwa lisanalowe mwana wakoyu adzakhala ndi dzina latsopano. Azimayi adzangoseka. Koma zikafika kwa achimwene anga, bambo ake a Auwalu, sindikulonjeza kanthu."

Apa ndi pamene panavuta. Mukudziwa kuti Inna asanamwalire ananena pamaso pathu tonse kuti chikho chawo chidzapite ndi mdzukulu wawo ameneyu ku banja lake. Mwanayu wakhala akuchiyembekezera kuyambira ali wamng'ono. Mbale zagalasi, mapoto, makatani, zonsezo sanasankhe n'chimodzi chomwe, anati zilizonse. Anangopempha chikho cha agogo ake kuti chikakhale pamwamba pa zonse, pamene aliyense wolowa adzachione.

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanakulemberani tsiku lomwelo. M'malo mwake ndinachikulunga m'nsalu, n'kuchibisa pansi pa bokosi langa la zovala, ndipo ndinatuma mlamu wathu, mkazi wa achimwene, kuti akamuuze kuti chagwa n'kusweka. Analira pang'ono, n'kuvomereza.

Lachisanu lapitali ankafuna nsalu yanga yakale yaukwati kuti akaonetse telala. Anatsegula bokosi.

Ndinali pakhonde ndikusinja zofukiza. Anatuluka chikho chili m'manja, chathunthu. Sanandiyang'ane, chifukwa naye anaphunzitsidwa bwino. Analankhula akuyang'ana khoma, ngati akuuza munthu wina. Anati: "Atandipereka ku Maradi ndinati ndi mwambo. Dzina langa satchula, ndinati ndi mwambo. Nditapambana mayeso anangoti ndikatsuke mbale, ndinati ndi mwambo. Nanga ichi ndi mwambo uti? Akanangonena kuti sakufuna kuti ndikhale nacho."

Anachiika pamphasa mofatsa, n'kulowa m'chipinda. Ine ndinangokhala ndi munsi m'manja. Mayi amene sanamuuzepo mwana wake kuti wavala bwino angayambe bwanji ndi kumuuza za nsato ndi mafuta?

Kuyambira tsiku limenelo amapita kuntchito, amabwera, amandipatsa moni ngati mlendo. Fura, thobwa lathu la mapira ndi mkaka, amene amamukonda ndimamuikira pakhomo, amakhala pomwepo mpaka kusasa. Yaya, za dzina langa sindikuopanso. Anthu anene zimene anganene. Chimene sindingapirire n'chakuti mwana ameneyu atuluke m'nyumba muno akukhulupirira kuti mayi ake sanamufunepo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musadikire sabata ya ukwati. Kwerani galimoto mukangomaliza kuwerenga, bondo lidzapumira kuno. Inu ndinu munamulera, ndinu oyenera kumulangiza za m'banja, ndipo kwa inu amayankha akuyang'ana m'maso. Mudzamuuze zonse, osachotsapo kanthu. Adziwe kuti Mwini Chikho ndi ndani, adziwe zimene Hajiya Kande ananena. Ndi munthu wamkulu, asankhe yekha. Akafuna kuchiika pamwamba pa mbale zake, achiike, ine ndidzaima pambuyo pake pa chilichonse chimene chingabwere. Akafuna kuchisunga m'chipinda chogona kumene alendo salowa, ndiko kwenikweni kumene chimagwira bwino ntchito.

Pali kope lina lachikuto chobiriwira limene sindinatumizepo pagulu lililonse. Ndinayamba kulilemba tsiku limene a kwa Auwalu anabweretsa kola wa chitomero. Muli nthano imodzi yokha, ya mkwatibwi amene analowa m'chipinda wopanda mantha chifukwa wina anali atamuuza zoona. Ndinalembera iyeyo. Mudzamupatse pa masiku opaka mkwatibwi zofiira m'manja. Inu musaliwerenge, kapena ngati muliwerenga, musapsereze mpunga.

Mundiperekere moni kwa Alhaji, kwa ana onse, ndi kwa mkazi mnzanu ngati mukulankhulana mwezi uno. Mubwere ndi tchizi chouma chija cha kwanuko. Mulungu akusungeni panjira, akupepuzireni bondo, atikhululukire tonse zodziwika ndi zobisika.

Kalatayi mubwere nayo. Mukadzamaliza kumufotokozera, mudzamupatse aone yekha mzere uli m'munsiwu, chifukwa pakamwa panga mwina sipadzatha, koma dzanja langa latha, ndipo palibe mwambo umene ndinamva woletsa cholembera.

Ramlatu. Ramlatu, mwana wanga. Ndinkakuyang'ana nthawi zonse pamene iwe sunkaona.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Talatu