Zayenda Ine Kulibe

Lachinayi, ku Namitete. Lero mtima wanga wazizira.

M'mawa ndinapita ku maliro a malume ku Nsaru. Ndisananyamuke ndinayatsa pulogalamu yomwe ndaivutikira chilimwe chonse. Imatsegula yokha makompyuta obwereka a pa intaneti n'kuikamo makontena, timabokosi ta m'kompyuta tonyamula mapulogalamu a kampani yathu, ntchito yomwe kale ndinkagwira pamanja.

Ife tili kumanda, iyo inamaliza zonse osalakwitsa.

Madzulo abwana aimba foni, osapepesa n'komwe za maliro. “Kodi a Mbewe, zonsezi zayenda inu kulibe eti? Ndiye Lolemba tikambirane za kontrakiti yanu.”

Ndayankha kuti zikomo. Zikomo wa chiyani?

Mkazi wanga wandiona nditakhala pakhonde, wandigwira paphewa. Akuyesa ndikulira malume. Sindinamuuze kuti mwina pulogalamu yanga yomwe yandilanda ntchito...