Mwana wa pa Firiji ya Amayi

Mokpo, 28 Novembala

Okondedwa achimwene Sang-pil,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kanada konko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno kwayamba kuzizira koma tikudzuka. Tsiku la opaleshoni ya mtima ya Amayi silinasinthe, ndi pa 9 Disembala.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa. Muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Mukukumbukira zaka ziwiri zapitazo, Amayi atanena kuti akufuna kumathandiza mwana wa kunja mwezi ndi mwezi? Inu munati tidzere ku bungwe la kutchalitchi kwanu. Iwo anakana kwamtuwagalu, ati akufuna bungwe losakhala la mpingo uliwonse, ndipo anatuma ine kuti ndilipeze.

Achimwene, sindinafufuze. Pasiteshoni ya sitima panali mayi wovala jekete lachikasu, mapepala ali m'manja. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati ali a mpingo. Atati ayi, ndinasaina ndili chiimire poopa kuti sitima indisiya. Kunyumba ndinauza Amayi kuti ndafunsafunsa mokwanira.

Patapita mwezi kunabwera chithunzi cha Sarita wa ku Nepal, kamtsikana kopanda mano awiri akutsogolo. Amayi anachimata pa firiji. M'mawa uliwonse amayamba kupatsa moni iyeyo, ine pambuyo.

Loweruka lapitali linali tsiku lathu lokonza kimchi, ndiwo yathu ya kabichi wothira tsabola, wa nyengo yonse yozizira. Makabichi 80, ndipo azimayi apafupi anabwera kudzathandiza monga mwa masiku onse. Mayi Pyo ogulitsa nsomba zouma, a pakamwa ngati wailesi aja, analowa kukhitchini kukatenga adyo. Ndinangomva kukuwa: "Aa! Mwana wanga akutani pa firiji ya eni?"

Ndinathamanga manja ali psuu ndi tsabola. Anandionetsa pa foni yawo. Chithunzi chomwecho, mano omwewo, juzi lomwelo. Kwawo dzina lake ndi Anjali, ndipo akuti ndi wa ku India.

Ndinawanong'oneza kuti atsitse mawu, Amayi ali pakhonde pomwepo. Mayi Pyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, amvekere, "Iwe Hye-ran, ine ndine wa kumsika, kuberedwa n'kwanga. Nanga iwe ku yunivesite unkaphunzira chiyani?"

Lolemba ndinakwera sitima kupita ku Seoul, pa adiresi ya bungwelo. Ndinapeza chitseko chokhoma. Mlonda anati anthuwo anasamuka kalekale, ndipo ine ndine wachisanu ndi chiwiri kubwera nditanyamula chithunzi. Kupolisi anandiuza kuti bungwelo silinalembetsedwe n'komwe kuboma. Manyazi amene ndinachita sindingawalembe.

Ndinatha masiku awiri ndikuzungulira Amayi ngati nkhuku yofuna poikira. Ndiwauze, mtima umenewu? Ndisawauze, akalowe m'chipinda cha opaleshoni akupempherera bodza langa? Lachinayi m'mawa ndinagwada n'kuulula zonse.

Amayi anamaliza kaye supu wawo. Kenako anati anamva kale Loweruka, makutu awo ndi okalamba koma Mayi Pyo amamveka ndi kudoko komwe. Amangodikira aone ngati ndibwera ndekha.

Ndinaimirira kuti ndichotse chithunzicho. Anandimenya dzanja. Anati dzinalo ndi labodza, koma nkhopeyo ndi ya mwana wa munthu, ndipo alipo kwinakwake.

Ndiyeno anandiuza zimene sanatiuzepo. Tonse timadziwa kuti nkhondo ya m'dziko lathu ija itatha anakulira kunyumba ya ana amasiye ku Busan. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kumeneko anawajambula kanayi, diresi lobwereka limodzi lomwelo, ulendo uliwonse atanyamula kabolodi ka dzina lina. Zithunzizo zinkapita kwa azungu anayi. Mkaka wa ufa ukafika, ankamwa okhawo amene aloweza ndime ya m'Baibulo ya tsikulo. Amayi anali achibwibwi, ndiye masiku ambiri ankangoonerera anzawo akumwa.

Mwaona tsono chifukwa chake anakana za kutchalitchi kwanu? Si kudana ndi inu kapena Mulungu wanu.

Ine ndimati nkhani ya kuthandiza yathera pomwepo. Iwo ati ayi, akufuna asaine ndi dzanja lawo asanalowe m'chipatala, chifukwa za kutulukako sakuzidziwa. Tatsala ndi masiku khumi ndi limodzi.

Ulendo uno ndayenda ndi mapazi. Ndapeza mabungwe awiri olembetsedwa kuboma, amene mabuku awo a ndalama amawunikidwa ndi anthu akunja kwa bungwe chaka chilichonse, ndipo aliyense atha kuwawerenga. Ndalowa m'maofesi mwawo. Loyamba linandilonjeza kalata ya mwana mwezi uliwonse. Lachiwiri linandiuza mosabisa kuti thandizo silipita m'manja mwa mwanayo, limapita ku chitsime ndi sukulu ya kwawo, ndipo kalata mwina ibwera kawiri pa chaka. Ine mtima wanga uli ku lachiwirili, koma mtima womwewu ndi umene unasaina pasiteshoni.

Amayi anaimbira okha foni mabungwe onse awiri. Funso lawo linali limodzi, lakuti mwana wokana kuimba kapena kujambulidwa amadya nawo? Anawayankha kuti inde. Ataika foni anati kuyankha n'kosavuta.

Pempho langa ndi ili. Inu mapepala oterewa mumawadziwa kuposa ine. Ndaika a mabungwe onse awiri mu envulopu yomweyi, ndipo ndaitumiza pa ndege yachangu. Muwawerenge ngati mukufunafuna wakuba. Mukaimba foni musatchule za kutchalitchi, ndipo mawu oti "ndinanena ine" musungire ine ndekha, ndiwalandira.

Pali chinanso. Dzina loti Bok-rye, limene tawadziwa nalo Amayi moyo wathu wonse, limene munapatsako mwana wanu wamkazi mbali yake, linali la pa kabolodi kachitatu. Limene anawapatsa mayi awo owabala akulikumbukirabe. Ine andiuza dzulo. Inu ati akuuzani okha, ngati tsiku limene mudzaimbe mungathe kukhala chete pa foni mpaka amalize.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Mulungu amene mumamupempherayo akusungeni, ndipo pa 9 mumukumbutse za Amayi.

Ine mlongo wanu,
Hye-ran