Dzanja la Petronella

Matero, Lusaka
14 Ogasiti 1978

Okondedwa akulu anga ba Felistus,

Kuno tilipo, kaya inu ku Katete. Ndikudziwa mukuopa kuti ndasiya mpingo. Ayi, ndimangokhala kumbuyo.

Amuna anga ba Josiah anabwerera kunyumba. Petronella, uja anawasokoneza, analapa pamaso pa akulu a mpingo, ndipo akuimbanso kwaya. Koma chitenge wayamba kumangira m'mwamba. Mwamva nokha.

Amayi Desai a ku Kamwala, amene ndimawaphunzitsira ana, anandifotokozera karma ya Chihindu. Akuti chilichonse chimene munthu wachita ndi mbewu, idzamera ndithu, kaya m'moyo uno kapena wina. Ndinakondwa, mpaka anawonjezera kuti, “Nsanje nayonso ndi mbewu, aphunzitsi. Mukakhululuka simuzula za mnzanu, mumangoleka kubzala zanu.”

Abusa athu amati Mulungu amafafaniza tchimo tsiku lomwelo. Ndiye onani, karma ikuchedwa, chikhululukiro chafulumira, ndipo ine kumsana kulibebe mwana.

Lamlungu Petronella ananditambasulira dzanja pakhomo la tchalitchi. Ine ndinayamba kukonza duku. Ndikudziwa adzabwereza.

Tayesani inunso kupempherera munthu amene anakulakwirani, pomutchula dzina. Likatuluka, mundilembere mmene mwachitira. Kuno likukakamira pakhosi.

Ine mng'ono wanu,
Enelesi